Phulusa Langa M'munda wa a Mariyeta

Tsitsani thumba limenelo, muliike pakhonde. Lero kumunda sikupita munthu ndi fetereza, kaya foni yako yanena zotani, iwe Selesitina. Akuti mvula ndi ya mkuja? Foni imeneyo yakhala ku Majawa kuno zaka zingati? Ine ndakhala kuno mpaka mano atha m'kamwa, koma mvula ya kuno sindinaimvetsebe. Khalani pansi, muzisankha nyemba izi uku ndikukuuzani za chaka chimene mvula inandiyalutsa.

Mvula ya kuno ndi ya mitundu iwiri. Pali ija yowaza ya chiperoni, imene imabwera m'miyezi yozizira kuchokera kuphiri kuja, yaulemu, yolowa pansi mwakachetechete. Ndiye pali inzake yosaodira. Imeneyo imasankha munda umodzi n'kusiya wina. Ine ndinaimapo pamsewu wopita kuchigayo, kumanja kwanga mvula ikukhuthuka, kumanzere mayi wina akuyanika ufa pamphasa osatekeseka n'komwe. Usaseke iwe Dominiku, ndinaona ndi maso awa. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti malire amenewo amalemba ndani. Ena amati ndi mphepo imene imagunda phiri n'kukhotera kumene yafuna. Mwina n'zoona, koma sanandiuze chifukwa chake imakonda kukhotera kwa ine.

Mtendere utabwera, tinachoka ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi n'kuoloka mtsinje wa Ruo kubwerera kuno. Tinali ndi makasu awiri, poto mmodzi, ndi mbewu ya chimanga m'chitini. Mayi anu Tereza anali kumsana. Malo ano ndi a kuchikazi, a agogo anu a Rozina, ine ndinali mkamwini chabe. Mwini mbumba, wogawa minda ndi kuweruza nkhani za pano, anali mchimwene wawo, alamu anga a Zakeyu.

Tinabwera ndi mayi wina, a Mariyeta, Mlomwe wa ku Molumbo. Ku msasa tinkakhala moyandikana. Amuna awo anamwalira komweko, ana analibe, ndipo za abale awo sankadziwa ngati ali moyo. Ndi iwo amene anaphunzitsa agogo anu kuphika nyemba za kalongonda popanda kupha anthu. Inu simungathe, ana a masiku ano, mumafuna chakudya chopsa musanamalize kusamba m'manja. Kalongonda amafuna tsiku lathunthu, kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, mpaka ululu wake uthe. A Zakeyu anawamvera chisoni a Mariyeta n'kuwapatsa kachigawo kumunsi kwa chitunda. Munda wathu unali pamwamba, wawo pansi pake, malire ake mzere wa nandolo.

Zaka zoyamba tinkakolola ngati tikulota. Nthaka inali itapuma nthawi yonse ya nkhondo. Unkangogwetsa mbewu, chimanga n'kukupitirira pamutu. Koma pofika chaka chachinayi, chachisanu, chinayamba kufupika. Masamba achikasu, ena ofiirira m'mphepete, kaufiti mbwee pansi pake. Ndinapalasa njinga mpaka ku Muloza kukagula fetereza, n'kumathira ndi kachitsekerero ka botolo paphando lililonse monga tinaonera ku Malawi. Chimanga chinangobiriwirako milungu iwiri, kenako n'kubwerera mwakale. Anthu ankangoti nthaka yatopa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine chimene chinkandisowetsa mtendere ndi ichi. Pakati pa munda wathu panali malo amodzi pamene chimanga sichinkafupika. Chinkaima chobiriwira, chonenepa, ndipo malowo anali a makona anayi. Ndinawayenda ndi mapazi, ndipo ndinapeza kuti ndi pamene panali nyumba ya apongozi anga, bambo a agogo anu, imene inapsa nthawi ya nkhondo. Chimanga chinkatsata zipupa za nyumba imene kulibe. Ngakhale pamene panali khomo panaoneka, chifukwa pamenepo chinali chofupikirako.

Ndinafunsa a Zakeyu. Iwo anati, "Mlamu, ndi bambo amenewo, akudyetsa ana awo. Zina musamazifufuze."

Ndinafunsa agogo anu. Iwo anati, "Nkhuku zinkagona pamenepo."

Ndinati, "Nkhuku zinkagona motsata chipupa, n'kudumpha pakhomo?"

Anati, "Ndiye kafunseni nkhukuzo."

Tsiku lina anandipeza nditanjuta m'munda ndikulawa dothi. Ndinatenga la pabwinja paja n'kuika pa lilime, ndinatenganso la pambali. Agogo anu anaima ndi dengu pamutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Abambo a Tereza, dothi amadya ndi amayi apakati. Ndi ya miyezi ingati?" Nkhani imeneyo inafika kuchitsime ine ndisanafike kunyumba. Ndipo kunena zoona lilime silinandiuze kanthu, dothi lonse linkangokoma dothi. Koma maso anaona kusiyana. La pabwinja linali ndi timibulu toyera. Apongozi anga ankagwira ntchito ku minda ya tiyi kufupi ndi vila, tauni ija ya Milanje, ndipo chaka chilichonse ankabwera ndi laimu n'kupaka nyumba yawo kuti iwale ngati ya azungu. Anthu ankati n'kudzionetsa. Timibulu timeneto tinali zotsala za laimu ameneyo.

Safunsa anadya phula. Ndinamanga dothi m'tinsalu tiwiri n'kunyamuka pa njinga kupita ku Milanje. Masiku amenewo shapa, galimoto yonyamula anthu, inali yosowa, ndipo msewu unali wa maenje oti mbuzi n'kugonamo. Ndinanyamuka m'mawa, n'kudya makaka owiritsa panjira, n'kufika dzuwa litapendeka. Ndinafunsira tekiniku, mlangizi wa zaulimi, ndipo ndinamupeza, munthu wochepa thupi wovala nsapato zoyera. Ndinkaganiza kuti andiseka. Koma atamva za chimanga chotsata zipupa anadzuka pampando, maso ali gwaa.

Anathira madzi m'makapu awiri, n'kusungunulamo dothi langa, n'kuviika kapepala m'kapu iliyonse. Timapepalato tinasintha mtundu, kena kofiirira, kena kobiriwira. Kenako anapita kuseri n'kuthyola ndimu, n'kufinyira pa kam'bulu koyera kaja. Ananu, kanayamba kuwira. Thovu, ndi kaphokoso kakuti sss, popanda moto. Ndinatsala pang'ono kugwa pa benchi.

Anati, "Papa, nthaka yanu sinatope, yawawasa. Mvula yambiri imatsuka zabwino n'kupita nazo pansi, ndipo fetereza wa chaka ndi chaka amawonjezera kuwawasako. Ikafika pamenepo, chakudya chimakhalamo koma chimanga sichitha kudya, ngati munthu wa zilonda m'kamwa. Laimu amapha kuwawasa. Mwaona mmene akulimbanirana ndi ndimu? M'nthakamo amachitanso chimodzimodzi, koma pang'onopang'ono."

Ndinati, "Nanga laimu wokwana munda wonse ndimupeza kuti?"

Anati, "Kuno sapezeka. Koma phulusa limagwira ntchito yomweyo. Chachikulu, mukathira mukwirire tsiku lomwelo. Musalisiye pamwamba."

Mawu omalizawo ndinawamva ndi khutu limodzi. Maganizo anali atathawira kale ku nkhokwe zodzaza. Njira yonse yobwerera ndinkangodabwa kuti dothi nalonso lili ndi m'mimba mwake mmene mumachitika zinthu, ife tikuponda pamwamba osadziwa.

Kuyambira nthawi yokolola mpaka m'chilimwe ndinasanduka munthu wa phulusa. Ndinkayenda khomo ndi khomo ndi dengu, kupempha phulusa la pamafuwa. Kumene awotcha njerwa ndinali komweko ndi thumba. Kumene aphika kachasu ndinkafika m'mawa, ndipo anthu ankati ndabwerera zina. Ana anandipatsa dzina lakuti a Chiphulusa, ndipo akuluakulu analilandira ndi manja awiri. Ndinafukulanso zidutswa za zipupa za apongozi n'kumazisinja mumtondo wa agogo anu, kungosiya kachitsa kamodzi ka pangodya kamene kanakana khasu. Za mtondo umenewo tisakambe. Milungu iwiri ufa unkachita mchenga m'mano, ndipo ndinkadya chete ngati mlendo.

Pofika mwezi wa khumi mulu wa phulusa unali utandifika m'chifuwa. Tsiku limene ndinasankha kuwaza, kuseri kwa chitunda kunali maliro, ndipo mudzi wonse unapita kumeneko. Ine ndinangokapepesa m'mawa n'kubwerako. Ndinawaza ndekha, dengu ndi dengu, mpaka munda wonse unayera. Dzuwa linali lisanafike paliwombo. Nthawi yokwirira inalipo yambiri. Koma ndinaima pamwamba n'kuyang'ana, ndipo munda unakongola. Ndinati ayi, a Zakeyu aone kaye, aone ntchito ya a Chiphulusa, ndidzakwirira mawa. Wailesi ya ku Malawi, imene tonse tinkaikhulupirira kuposa maso athu, inali itanena kuti kukhala dzuwa sabata yonse. Nane ndinayang'ana zizindikiro zanga. Nyerere sizinkasamuka, achule anali chete, kumwamba kuli mbee.

Ndili pakhonde ndikumwa madzi, ndinaona kamtambo kumbali ya phiri, kochepa ngati lichero. Sindinakasamale. Nditamaliza kumwa, kanali katakula n'kuda. Mphepo inayamba kuzungulira, yofunda kenako yozizira, nkhuku n'kuthawira pansi pa nkhokwe. Ndinathamanga ndi khasu. Ndinakwirira mwina mizere iwiri. Kenako inatsika, chizimalupsa chenichenicho, madontho ake opweteka pamsana. Nthaka youma simwa madzi mwachangu, ananu, imayamba yakana. Madzi onse anayenda pamwamba. Ndinaima m'munda ndikuona miyezi isanu ya ntchito yanga ikutsetsereka, yoyera ngati madzi otsukira mphale, kudutsa mzere wa nandolo, n'kukadikha m'munda wa a Mariyeta. Mvulayo sinakhalitse, munthu wophika nkhwani akanaphula itakata kale. Dzuwa linatulukanso ngati palibe chimene chachitika.

Anthu anabwera kuchokera kumaliro ali ouma. Kumeneko sikunagwe ngakhale dontho. Anadzera njira ya kumtunda, ndipo ataona matope anadabwa. A Zakeyu anayang'ana munda wanga, wofiira monga kale, n'kunena kuti, "Koma mlamu muli ndi mwayi. Mvula yakulowetserani phulusa lonse pansi."

Ndinati, "Eya."

Liwu limodzi lomwelo. Ndinkaopa kusekedwa. Munthu amene wasekedwa miyezi isanu amafuna tsiku limodzi loti apume. M'mawa mwake ndinalawirira kukaunga mizere, ndipo kumunsi ndinaona a Mariyeta nawonso akuunga yawo, akukwirira matope oyerawo. Anandipatsa moni, nane ndinayankha. Mumtima ndinati, mayi uyu sanazindikire kanthu, nkhani yakwiririka.

Tinabzala. Pofika mwezi wa Febuluwale, chimanga changa chinali chonyozeka kuposa cha chaka cham'mbuyo, chifukwa mvula ija inatenga ndi dothi lapamwamba lomwe. Koma kumunsi kwa nandolo chinali china. Chimanga cha a Mariyeta chinali chakuda ndi kubiriwira, mapesi ngati dzanja langali, china chobereka ziwiriziwiri. Ine ndinkapita kukachiyang'ana mobisa. Mbali ina ya mtima inkawawa, koma mbali ina inkavina, chifukwa tekiniku uja sananame. Ndinkatha kuona pamene madzi anadikha kwambiri ndi pamene anangodutsa, chimanga chinkanena chokha.

Koma anthu ena ankaona zina. Unali mwezi wa njala, m'nkhokwe mulibe kanthu, minda yonse ya pachitunda ili yachikasu. Manong'onong'o anayambira kuchitsime. Ankati, mkamwini wathira phulusa chaka chonse, koma chimanga chatulukira kwa mayi amene sanathire kanthu. Si kukawa kumeneko? Inu mwina simudziwa. Kukawa ndi kukoka mbewu za m'munda wa mnzako ndi mankhwala, kuti zako zichuluke zake zithe. Amayi anasiya kuwayankha moni a Mariyeta. Wina anawadulira maungu onse, ang'onoang'ono omwe. Kutchalitchi benchi imene ankakhala inkatsala yopanda munthu. Pomaliza a Zakeyu ananena poyera kuti mlendo ndi mame, ndipo anaika tsiku loti tikumane pamalire a minda. Aliyense ankadziwa chigamulo chake. A Mariyeta achoke, chimanga asiye chili chiimire.

Kuchokera pamene manong'onong'o anayamba mpaka tsiku limenelo panapita milungu itatu. Milungu itatu ndinali chete. Ndinkadziuza kuti zitha zokha. Ndinkadziuza kuti mkamwini salankhula pa nkhani za malo a eni. Ndinkadziuza kuti ndikanena tsopano andifunsa chifukwa chimene ndinanenera eya. Zifukwa zinalipo zambiri, koma dzina lake ndi limodzi. Ndinali wamantha, ananu, ndipo zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Linali Loweruka m'mawa. Anthu anadzaza m'mbali mwa nandolo. A Mariyeta anakhala pansi okha, miyendo atatambasula, manja pamiyendo. A Zakeyu anawafunsa kuti, "Mayi, tiuzeni, chimanga ichi mwachitenga kuti?" Iwo anangoti, "Ndinalima monga ndilimira chaka chilichonse." Ndipo anakweza maso n'kuyang'ana ine. Sanandiyang'ane nthawi yaitali, koma miyendo yanga inaimirira yokha.

M'thumba la kabudula ndinali ndi mandimu atatu. Ndinawathyola m'mawa, ndisanadziwe ngati ndidzalimba mtima. Ndinati, "Alamu, ndibwerekeni khasu." Ndinalowa m'munda wa a Mariyeta n'kudula mzere umodzi pakati. M'kati mwa dothi lofiira munali mkwawa wotuwa, ndi timibulu toyera. Ndinatola n'kuika pa khasu, n'kufinyira ndimu. Timibuluto tinawira.

Ndinkaganiza kuti anthu amvetsa. Mvula ikakuona litsiro sikata. Amayi amene anali pafupi analumpha chambuyo, wina n'kugwera pa mnzake. A Zakeyu analoza ndi chala, amvekere, "Mwaona nonse. Dothi likuwira popanda moto. Mukufunanso umboni wanji?" Ena anayamba kutola zibuma. Ine amene ndinabwera kudzapulumutsa munthu ndinali nditamukolezera moto.

Sindikumbukira kuti ndinathamangapo chotero chibadwire. Ndinakwera chitunda mpaka pabwinja, ndinamenya kachitsa ka chipupa kaja ndi msana wa khasu, n'kutsika ndi chidutswa m'manja. Onse anandiona kumene ndachitenga. Ndinachiika m'dzanja la a Zakeyu pamodzi ndi ndimu. Ndinati, "Finyani nokha, alamu. Ichi ndi chipupa cha bambo anu."

Anazengereza, kenako anafinya. Chinawira m'dzanja mwawo momwemo.

Ndinati, "Ngati amenewa ndi mankhwala, anabwera nawo ndi bambo anu kuchokera ku tiyi." Ndipo ndinanena zonse. Za tekiniku, za kuwawasa kwa nthaka, za mmene ndinasiyira phulusa pamwamba kuti anthu andiyamikire, za kamtambo, za madzi oyera, ndi za eya wanga uja.

Kenako munthu wina kumbuyo anaphulika nako kuseka, ndipo onse anatsatira. Anaseka mpaka ena kukhala pansi. Agogo anu sanaseke, anangondiyang'ana n'kutembenuka. A Zakeyu anali ataiwala kale za mlandu. Anandilanda ndimu yotsala n'kumayenda nayo, kufinyira pa dothi ili, pa mwala uwo, kuona chimene chiwire ndi chimene sichiwira. Kenako anati, "Nkhani yatha. Mayi, pepani, khalani pamalo panu." Anthu anabalalika akukambirana za phulusa, ndipo chaka chimenecho palibe amene anatayanso lake kudzala.

Tinatsala awiri. Ndinapita pamene anakhala a Mariyeta, mtima uli m'malo pang'ono, ndikudikira kuti andithokoze. Ndinati, "Achemwali, zatha."

Anati, "Achimwene, matope oyera aja ndinawaona madzulo omwewo. Ndinadziwa kuti ndi phulusa lanu. Ndinalawirira kukwirira kuti anthu asaone n'kukusekani."

Ndinati, "Nanga bwanji simunanene pamene anayamba kukunenani?"

Anati, "Akanandimvera ndani? Ndiponso inali nkhani yanu, ndinkadikira kuti munene nokha. Milungu itatu katundu wanga ali womanga. Inu m'mawa uliwonse mumadutsa pakhomo panga n'kundifunsa kuti ndadzuka bwanji."

Anadzuka, anasasa chitenje, n'kupita kukakwirira mzere umene ndinadula uja.

Sanachoke nthawi yomweyo. Anadikira chimanga chiume, anakolola, anagulitsa china. Amayi aja anayambanso kuwapatsa moni, iwo n'kumayankha bwinobwino. Agogo anu anawachonderera kangapo kuti akhale. Koma m'mwezi wa Juni anakweza katundu pa njinga ya munthu wopita ku Milanje, akuti akafunefune abale ku Molumbo. Ine anandisanzika mwaulemu, monga usanzikira munthu amene wakumana naye pamsika.

A Zakeyu anatipatsa ife kachigawo kaja. Ndi munda wa kumunsi umene inu mumautcha kwa Mariyeta, osadziwa kuti Mariyeta anali ndani. Ku Molumbo ndinapitako kawiri kukawafunafuna, ulendo woyamba pa njinga, wachiwiri ndili kale ndi imvi. Ndinafunsa pamsika, ndinafunsa m'matchalitchi. Palibe amene anawadziwa.